Cosh ndi sinh za nambala yokhala ndi i pa TI-84: kalikuleta ikungokana, ndithandizeni

Chamama_Eng3:
Moni nonse a m'gulu. Ndili kumudzi kuno ku Chamama pa holide, koma ndinabwera ndi asayimenti ya Power Systems yoti tikapereke tikangotsegulira. Funso lake ndi la nthambo yamagetsi yotalika makilomita 300, ndipo ndawerengera mpaka ndapeza γl = 0.03 + 0.31i (γ ndi nambala yoonetsa momwe magetsi amasinthira poyenda mu nthambo, l ndi kutalika kwa nthamboyo, i ndi √−1). Tsopano pakufunika cosh ndi sinh ya nambala imeneyi kuti ndipeze A, B, C ndi D, manambala anayi olumikiza voteji ndi current ya poyambira nthambo ndi ya pofikira. Ndili ndi TI-84 Plus yomwe anandisiyira malume. Ndapita ku CATALOG, ndapeza cosh, ndalemba 0.03+0.31i, koma ndikadina ENTER ikungolemba ERR:DATA TYPE. Ku MODE ndasankha kale a+bi. Kodi yawonongeka, kapena pali pomwe ndikuphonya? Netiweki kuno ndi ya apo ndi apo, intaneti sindingaidalire.

Mtunthama_Boy:
Yakalamba imeneyo amwene. Pezani TI-89, mukangolemba imakupatsani yankho pompo.

Nambewe_Masamu:
Kalikuleta yanuyo ilibe vuto lililonse achimwene. TI-83 ndi TI-84 anazipanga choncho: sin, cos, tan, sinh, cosh ndi tanh zimalandira nambala wamba zokha, mukaikamo i zimakana. Ngakhale mutagula yatsopano lero, ikuuzani zomwezo. Chomwe mungachite n'kugawa nambalayo pawiri. Ngati muli ndi a + bi:

cosh(a + bi) = cosh a · cos b + i · sinh a · sin b
sinh(a + bi) = sinh a · cos b + i · cosh a · sin b

Apa chilichonse cholowa mu cosh, sinh, cos ndi sin ndi nambala wamba, ndiye kalikuleta sikananso. Ikani a = 0.03, b = 0.31. Koma musanadine chilichonse pitani ku MODE, muonetsetse kuti pali RADIAN. Imeneyo 0.31 ndi ma radian, si madigiri. Mukapeza yankho mulembe pano tiyerekeze.

Mtunthama_Boy:
Zonsezo n'zachiyani mayi? Makina alipo ochita ntchito imeneyi. TI-89, TI-Nspire CAS, HP Prime, zonsezi zimalandira cosh(0.03+0.31i) momwe ilili.

Nambewe_Masamu:
Zoona, zimalandira. Koma mnzathuyu ali ku Chamama ndi TI-84 m'manja, asayimenti ikudikira. Timuthandize ndi chomwe ali nacho.

Kamwendo_Tech:
Ine ndimadzera njira ina, yaifupi. Pa TI-84, e^ imalandira i bwinobwino. Ndiye sungani nambala yanu mu Z: lembani 0.03+0.31i, dinani STO→, kenako ALPHA ndi 2, ENTER. Mukatero:

(e^(Z)+e^(-Z))/2 ndiye cosh
(e^(Z)-e^(-Z))/2 ndiye sinh

e^ ili pa 2nd LN. Chenjerani ndi minasi ziwiri zija. Ya m'kati mwa e^(-Z) ndi ya batani la m'munsi, loyandikana ndi ENTER. Ya pakati pa ma e awiriwo ndi yochotsera ija ya kumanja. Mukasinthanitsa mupeza ERR:SYNTAX kapena yankho lachilendo. Tanh ndi kungogawa sinh ndi cosh.

Chamama_Eng3:
Zikomo kwambiri nonse. Ndayesa njira ya a Nambewe, ndapeza cosh = 0.9528 + 0.0092i, sinh = 0.0286 + 0.3052i. Njira ya a Kamwendo yandipatsanso zomwezo. Mtima wakhala pansi.

Santhe_Girl:
Ifenso tili ndi funso lofanana nalo, ndiye ndayesa ndi manambala anuwo. Koma ine cosh ikutuluka 1.0004 + 0.0002i. Ndalemba fomula ya a Nambewe ndendende, ndabwereza kangapo. Wolondola ndani?

Nambewe_Masamu:
Achemwali, yanu ili pa DEGREE. Yatenga 0.31 ngati madigiri, kangodya kakang'ono zedi, n'chifukwa chake cos yatuluka pafupifupi 1 ndipo sin pafupifupi 0. Sinthani ku MODE muyesenso.

Santhe_Girl:
Yasintha, tsopano ikufanana ndi ya a Chamama.

Kamwendo_Tech:
Mwaonatu. Ichi n'chifukwa chake ndimalimbikira njira ya e^. Pa TI-84, e^ silabadira zoti MODE ili pa DEGREE kapena RADIAN, gawo la i imalitenga ngati ma radian nthawi zonse. A Santhe akanadzera njira yanga sakanagwa m'dzenje limeneli.

Nambewe_Masamu:
Pa TI-84 mukunena zoona. Koma ana ambiri omwe ndimaphunzitsa, ngakhale akapita ku koleji, amakhala ndi Casio fx-991ES Plus, ndipo pamenepo e^ ya nambala yokhala ndi i imatulutsa Math ERROR. Fomula yogawa ija imagwira pa kalikuleta iliyonse yokhala ndi batani la hyp. Komanso munthu akailemba kangapo amayamba kuona momwe zinthu zikuyendera: kuti a ndi amene amakulitsa yankho, b amangolizunguza. Njira ya e^ imabisa zimenezi.

Kamwendo_Tech:
Pa fx-991ES njira ilipobe mayi. Mulowe mu CMPLX, MODE 2, muike pa Rad, kenako mulembe e^(a) ∠ b. Chizindikiro cha ngodyacho chili pa SHIFT ndi batani la minasi yaing'ono. e^(a+bi) ndi nambala yomwe kukula kwake ndi e^a, ngodya yake ndi b, basi. Ndiye cosh = (e^(0.03)∠0.31 + e^(-0.03)∠-0.31) ÷ 2.

Nambewe_Masamu:
Ndavomera, imeneyo ndi njira yabwino. Koma taonani kuti pamenepo Rad yabwereranso. Sitingaithawe.

Nkhamenya01:
Kwa ine zikuchitika zina. Ndalemba cosh(0.03+0.31I) pa TI-84 ndipo sinakane ayi, yandipatsa 1.00045. Ndiye mukamati imakana mukutanthauza chiyani?

Kamwendo_Tech:
Amwene, mwadina ALPHA ndi x², eti? Imeneyo ndi I wamkulu, bokosi losungiramo nambala ngati A, B kapena Z. Mwanu muli 0, ndiye kalikuleta yawerengera cosh(0.03) yokha n'kukupatsani 1.00045. i weniweni ali pa 2nd ndi batani la dontho. Uwu ndi msampha woopsa kuposa ERR:DATA TYPE, chifukwa sikuchenjezani, mumangokopera yankho n'kumapitirira.

Madala_132kV:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano mundilole ndiikepo mawu. Ine ndinagwira ntchito ya nthambo zamagetsi zaka zambiri, panopa ndinapuma, ndikulima soya ndi mtedza kuno ku Chulu. Ana anga, chomwe chikundidetsa nkhawa si batani. Mwa anthu atatu omwe alemba mayankho pano, awiri anapeza zolakwika, ndipo palibe amene akanadziwa akanakhala yekha. Ku ntchito kulibe gulu loti mulifunse.

Musanakhudze kalikuleta, yambani mwadziwa kuti yankho liyenera kukhala pafupi ndi chiyani. Nambala ikakhala yaing'ono, cosh x imakhala pafupi ndi 1 + x²/2, ndipo sinh x imakhala pafupi ndi x yemweyo. Tengani pensulo. (0.03 + 0.31i)² = 0.0009 − 0.0961 + 0.0186i = −0.0952 + 0.0186i. Theka lake ndi −0.0476 + 0.0093i. Onjezani 1, mupeza 0.9524 + 0.0093i. Yerekezani ndi 0.9528 + 0.0092i ya a Chamama. Zagwirizana. Yerekezani ndi 1.0004 ya a Santhe kapena 1.00045 ya a Nkhamenya, muona nthawi yomweyo kuti pali cholakwika. Zimenezi sizitenga ndi mphindi ziwiri zomwe. Ndipo inu a Chamama mukayang'anitsitsa muona kuti 1 + x²/2 ndi A = 1 + ZY/2 yomwe munaphunzira pa nthambo zotalika pakatikati, ya nominal π ija. Si masamu awiri osiyana, ndi amodzi, kungoti ena anadulidwa mchira.

Chinanso. Magetsi athu m'Malawi muno ndi a 50 Hz. Pa nthambo yodutsa m'mwamba, β, gawo la γ lokhala ndi i, imakhala pafupi ndi 0.00105 rad pa kilomita, kutanthauza madigiri pafupifupi 6 pa makilomita 100 aliwonse. Pa makilomita 300 muyembekezere 0.31 kapena kuposerapo pang'ono. Mukapeza 3.1 kapena 0.031, bwererani m'mbuyo, mwasokoneza mamita ndi makilomita kapena mwataya 10 penapake.

Kale anthu ankawerenga manambala amenewa m'mabuku a matebulo. Arthur Kennelly, yemwe ankaphunzitsa ku Harvard, anasindikiza matebulo a cosh ndi sinh za nambala zokhala ndi i mu 1914, makamaka chifukwa cha ntchito ya mawaya a telefoni, a telegalafu ndi a magetsi. Munthu wotsegula tebulo ankayenera kudziwa kale tsamba lomwe akufuna. Khalidwe limenelo musalitaye.

Chamama_Eng3:
Zikomo bambo, izi m'kalasi sizinandilowe chonchi. Ine ndimayesa kuti poonetsetsa ndingowerengera AD − BC, ikatuluka 1 ndiye kuti zili bwino. Si zokwanira?

Madala_132kV:
Werengerani ndithu, imagwira zolakwika zambiri, monga kuiwala minasi kapena kusinthanitsa cosh ndi sinh. Koma vuto la a Santhe singaligwire. AD − BC ndi cosh² − sinh², ndipo imeneyi imatuluka 1 pa ngodya iliyonse, yolondola kapena yolakwika. Kalikuleta ikakhala pa DEGREE, cosh ndi sinh zonse zimalakwika mogwirizana, 1 n'kutulukabe. Yesani muone.

Santhe_Girl:
Ndabwezera pa DEGREE dala kuti ndiyese. Yatulukadi 1.

Nambewe_Masamu:
Ana anga ndimawauza kuti asanayambe adine cos(π). Ikatuluka −1 ali pa RADIAN. Ndipo kwa amene akufuna nambala yoyesera njira yake, sungani izi: sinh(1+i) = 0.6350 + 1.2985i, cosh(1+i) = 0.8337 + 0.9889i, tanh(1+i) = 1.0839 + 0.2718i. Njira iliyonse yomwe mwasankha, kaya pulogalamu, kaya fomula, iyambe yatulutsa zimenezi.

Mtunthama_Boy:
Komabe ine ndikuti tikuvutika ndi zinthu zoti foni imachita. Ikani Python pa foni, import cmath, cmath.cosh(0.03+0.31j), mwamaliza. Sifunanso bandulo ukaiika.

Mkanda_Border:
Foni m'mayeso mulowa nayo?

Mtunthama_Boy:
Nanga TI-84 mulowa nayo? Kwathu amalanda kalikuleta iliyonse yosunga mapulogalamu, amalola Casio wamba basi.

Mkanda_Border:
Ndiye mwadziyankha nokha. Fomula ya a Nambewe muidziwe pamtima.

Kamwendo_Tech:
Za mayeso aliyense afunse kusukulu kwake, malamulo amasiyana. Koma pa asayimenti ndi ku ntchito, palibe chifukwa cholembera zomwezomwezo kakhumi. Pangani kapulogalamu. PRGM, NEW, mupatse dzina, kenako:

:Prompt Z
:(e^(Z)+e^(-Z))/2→C
:(e^(Z)-e^(-Z))/2→S
:Disp C,S

Mukaithamangitsa ikufunsani Z, mulemba nambala yanu, C ndi S zitsala zosungidwa. Ndiye A ndi D ndi C yosungidwayo, B ndi Zc (characteristic impedance ya nthambo) kuchulukitsa ndi S, ndipo C ya mu ABCD ndi S kugawa ndi Zc. Ku MODE ikani Float pa 4, apo ayi yankho limatalika mpaka kutuluka pa sikirini.

Nkhamenya01:
Pa nkhani ya mapulogalamu, yanga imafufuta zonse ndikasintha mabatire. Chimachititsa n'chiyani?

Kamwendo_Tech:
TI-84 Plus ili ndi mabatire anayi a AAA, komanso kabatire kozungulira kobisika kuseri ndi kasikuluwu. Kameneko ndi komwe kamagwira zosungidwa mukachotsa anayi aja. Makalikuleta ambiri omwe timalandira kuchokera kwa abale kapena kugula m'kaunjika, kabatireko kanatha kalekale. Sinthani kameneko. Apo ayi, pitani pa 2nd MEM muike pulogalamuyo mu Archive, kumeneko sifufutika. Pa TI-84 zakale muyenera kuitulutsamo kaye musanaigwiritse ntchito.

Santhe_Girl:
Mabatire a AAA a pa msika masiku ano ndi mavuto okhaokha. Ndinagula anayi, sabata isanathe sikirini yayamba kuzilala. Ena anatulutsa madzi oyera aja mpaka zitsulo za m'kati kuchita dzimbiri.

Mkanda_Border:
Ife timagula ku Chipata tikawoloka pa Mwami. Koma Kwacha ya ku Zambia yatikwerera, sizikutchipanso ngati kale.

Madala_132kV:
Mukadziwa kuti simuigwiritsa ntchito mwezi wathunthu, chotsanimo mabatirewo. Zitsulo zikayera, pukutani ndi kansalu konyowetsa viniga pang'ono, muumitse bwino.

Mlimi_wa_Fodya:
Pepani akuluakulu, ine ndinalowa m'gulu muno chifukwa cha mwana wanga wa Fomu 4. Ndawerenga zonsezi koma palibe chomwe ndatolapo. Masamu amenewa amathandiza chiyani munthu wa ku Kasungu kuno?

Nambewe_Masamu:
Funso labwino bambo. Mukatuluka panja muyang'ane waya wamagetsi pakati pa mapolo awiri, momwe amagwera pakati n'kukweranso. Kupindika kumeneko ndiye cosh. Amene amaika mapolo amawerengera kuti wayayo atsika bwanji pakati, poganiziranso kuti m'chilimwe, mu Okutobala, chitsulo chimatanuka ndipo waya amatsikirako. Akaphonya, waya amayandikira madenga kapena malole odzaza mabelo a fodya. Imeneyo ndi cosh ya nambala wamba. Ya mnyamatayu, yokhala ndi i, ndi ya zomwe zikuchitika m'kati mwa wayayo.

Madala_132kV:
Ndionjezerepo. Magetsi ambiri omwe mumayatsa kuno amachokera kumwera, pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kuti afike chigawo chapakati ndi kumpoto ayenda makilomita mazanamazana. Pa ulendo wotero voteji ya poyambira ndi ya pofikira sizifanana, ndipo cosh ndi sinh ndi zomwe zimatiuza kusiyanako. Tengani yankho la a Chamama lija. Kukula kwa 0.9528 + 0.0092i ndi 0.9528. Ngati kumapeto kwa nthambo kulibe amene akukoka magetsi, voteji ya kumeneko ndi ya poyambira kugawa ndi 0.9528, zomwe zikupereka 1.0495. Ndiye kuti kumapeto voteji ikukwera ndi pafupifupi 5 pa 100 iliyonse kuposa komwe yachokera. Anthu ambiri amadabwa, amaganiza kuti iyenera kutsika basi. Amatcha Ferranti effect, ndipo imaoneka kwambiri usiku anthu akagona kapena poyatsa nthambo yaitali yopanda katundu. N'chifukwa chake pa masabusiteshoni a nthambo zazitali amaikapo ma reactor, zipangizo zotsitsa voteji yokwerayo. Tsopano taonani kuopsa kwa DEGREE kuja: yankho la 1.0004 likanakuuzani kuti voteji sikwera n'komwe.

Kale nthambo zathu zazikulu zinali za 132 kV ndi 66 kV. Tsopano tili ndi ya 400 kV yochokera ku Phombeya ku Balaka kufika ku Nkhoma, makilomita 173, ndipo anayambanso kumanga yolumikiza Phombeya ndi Matambo ku Tete, makilomita 218. Achinyamata amene muli m'kalasi lero, nthambo zimenezi ndi zomwe mukazigwire. Masamu awa musawatenge ngati ongokhozera mayeso.

Mlimi_wa_Fodya:
Tsopano ndamvako. Ndimuonetsa mwanayu akaweruka.

Chamama_Eng3:
Gawo lachiwiri la funso langa likufunsadi za voteji pomwe kulibe katundu. Ndiye 1.0495 ndaipeza. Koma akufuna A m'njira ya kukula ndi ngodya, mu madigiri. Ndikasintha MODE kupita ku DEGREE sindiononga zomwe ndasunga?

Kamwendo_Tech:
Zosungidwa sizisintha. Koma ine sindisuntha MODE n'komwe, chifukwa umaiwala kubwezera. Pitani ku MATH, CPX. Muli abs ndi angle. abs(C) ikupatsani 0.9528, angle(C) ikupatsani 0.0096 mu ma radian. Chulukitsani ndi 180, gawani ndi π, mupeza madigiri 0.55. Momwemonso muli real ndi imag ngati mukufuna gawo limodzi lokha.

Mtunthama_Boy:
Nanga dzina loti graphing calculator lili ndi ntchito yanji ngati singajambule zimenezi?

Nambewe_Masamu:
Ikhoza, kungoti muithandize. Ku MODE sankhani PAR, pitani ku Y=, mulembe X1T = cosh(1)cos(T), Y1T = sinh(1)sin(T). Ku WINDOW, T ayambe pa 0 kufika 2π, kenako ZOOM, ZSquare. Mukujambula cosh(1 + Ti) pamene T akuyenda. Chituluka chozungulira chophwatalala ngati dzira, m'mbali chikufika 1.543, m'mwamba 1.175. Mukachepetsa 1 uja kufika 0.03, chiphwatalala mpaka kuoneka ngati mzere wochokera pa −1 kufika pa 1. Mzere umenewo ndi cos chabe, chifukwa cosh(bi) = cos b. Nthambo ya a Chamama ili koyambirira kwenikweni kwa mzerewo, yangochoka pa 1 kutsikira ku 0.95. Mukatembenuza, b akhale chiimire, a aziyenda, X1T = cosh(T)cos(1), Y1T = sinh(T)sin(1), T kuyambira −2 kufika 2, mupeza hyperbola. Ndimakonda kuonetsa ana zithunzi ziwirizi limodzi, chifukwa zimadutsana molunjika paliponse pomwe zakumana.

Mtunthama_Boy:
Imeneyo sindimaidziwa. Ndibwereka TI-84 ya mnzanga ndiyese.

Santhe_Girl:
Funso lathu ife ndi lobwerera m'mbuyo. Atipatsa A, akufuna γl. Ndiye pakufunika cosh⁻¹ ya nambala yokhala ndi i, ndipo nayonso ikukana.

Nambewe_Masamu:
ln ndi √ zimalandira i pa TI-84. Sungani A yanu mu Z, mulembe ln(Z+√(Z+1)√(Z-1)). Ma √ akhale awiri choncho, ndipo mutseke bulaketi ya woyamba musanayambe wachiwiri. Mabuku ena amalemba √(Z²−1), koma imeneyo nthawi zina imatulutsa yankho lokhala ndi minasi kutsogolo. Pa nthambo, α ndi β, magawo awiri a γ, zonse ziyenera kukhala zopanda minasi. Yesani kaye ndi C ya a Chamama yosadula, iyenera kukubwezerani 0.03 + 0.31i. Mukalemba ya manambala anayi okha ija, yankho lisiyana pang'ono kumapeto, musadabwe.

Mkanda_Border:
Nanga ife a Casio fx-9750GII? Palibe amene watitchula.

Kamwendo_Tech:
Yanu ili ngati TI-84 pa nkhani imeneyi: cosh ya i imakana, koma e^, ln ndi √ zimalandira. i ali pa SHIFT 0. Ku SET UP ikani Angle pa Rad, Complex Mode pa a+bi. Kenako njira ya e^ ija momwe ndalembera pamwambapa, muyese ndi 1+i musanaikhulupirire.

Chamama_Eng3:
A Kamwendo, pulogalamu ija ndailemba, ikugwira. Mnzanga wa ku Chatoloma akuifunanso koma akuti mabatani a Prompt ndi Disp sakuwapeza.

Kamwendo_Tech:
Akakhala m'kati molemba pulogalamu adine PRGM, apite kumanja pa I/O, zonse ziwiri zili pamenepo. Asalembe zilembozo ndi ALPHA, sizigwira. Kapena mukakumana pa boma mutenge kachingwe kolumikizira makalikuleta awiri, iye adine 2nd LINK, RECEIVE, inu mutumize kuchokera ku Prgm.